Khosi la Lameki

Lameki anandipeza Lachiwiri m'mawa ndikuwongola chitseko cha minibasi pa galaja ya a Hamidu ku Mchinji. Panali patatha zaka ziwiri tikungokwezerana mkono tikakumana pamsewu. Anaima pakhomo, manja ali m'matumba, kudikira kuti ndisiye kumenya hamala. Atalankhula ndinasuzumira kumbuyo kwake poyesa kuti wabwera ndi munthu wina. Mawu amene ndinamva sanali ake. Anali osasa, ong'ambika, ngati a munthu amene wapanidwa pakhosi.

"Benedicto, besi ija ukadali nayo?"

"Ili pansi pa bedi. Nanga mawuwo watani nawo?"

"Kaipukute. Ndikufuna tijambule."

Ndinaseka, koma iye sanaseke. Anakoka tayala n'kukhalapo, ndipo m'pamene ndinaona kuti kolala ya malaya ake yamukulira.

Gulu lathu linali Dzimbiri, ndipo tinalimo anayi. Lameki, wowotcherera zitsulo, ndiye ankapeka nyimbo ndi kuimba. Ine ndinkaimba gitala ya besi. Ng'oma ankamenya ndi Sufiyan, amene amagulitsa masipeyala m'kashopu koyandikana ndi galaja. A Hamidu ndi amalume ake. Gitala inali ya Malita wa ku Guilleme, amene anaiphunzirira mu kwaya ya kutchalitchi, koma zala zake zinkafuna kuthamanga kuposa nyimbo za kumeneko.

Tinkaimba roko, nyimbo zaphokoso ndi zaukali. Anazibweretsa ndi bambo ake a Lameki, amene anagwira ntchito ku migodi ya ku Zambia n'kubwerera kwawo kwa Dambe ndi chifuwa chosatha komanso katoni ya mbale zakuda za nyimbo zakalekale. Lameki anakula akumva magitala olira ngati macheka, ndipo sanafunenso china. Koma iye mwini sankadziwa kuimba chida chilichonse. Nyimbo ankaisunga m'mutu, n'kudzatiimbira ndi pakamwa: apa gitala ichite chonchi, apa besi itsike, apa ng'oma zikhale chete. Ife tinkangotsata.

Tinayamba mu 2013, Lamlungu lililonse masana galaja ikatsekedwa. Ampulifaya yathu inali ya wailesi ya m'galimoto, yolumikizidwa ku batire ya thiraki. Sipika ya Malita tinaicheka dala ndi lezala kuti izilira mokanda. Ng'oma yayikulu ya Sufiyan inali mgolo wa oyilo wodulidwa pakati, wokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe.

Chimbale choyamba tinajambula ndi foni, titaipachika m'kati mwa tayala kudenga kuti isagonthe. Munali nyimbo zisanu. Kuwailesi anatibwezera, amvekere ili ndi phokoso la kuchigayo. Koma anthu oika nyimbo m'mafoni pa boda anayamba kuziphatikiza pa zimene makasitomala apempha, ndipo madalaivala a mathiraki, amene amakhala pamzere masiku ambiri kudikira mapepala, anazikonda. Wina anatiuza kuti anamva Dzimbiri ikulira m'thiraki ya munthu wosamudziwa ku Beira. Lameki anasimba nkhani imeneyi chaka chathunthu.

Chachiwiri tinakajambula mu situdiyo ina ku Chipata mu 2017. Mwini situdiyoyo anatimvera chisoni. Titachoka anatsuka nyimbo zonse, n'kuthiramo kiyibodi ndi timawu tozuna kumbuyo. Lameki anamvera nyimbo imodzi ndi theka, anatulutsa sidiyo, n'kuipana pa vayisi yopanira zitsulo mpaka inasweka. Chachitatu, cha mu 2019, tinajambula tokha m'galaja momwemo ndi laputopu ya Sufiyan. Chimenecho ndimachinyadira mpaka lero, ngakhale anthu amene ali nacho sangadzaze mabasi awiri.

Tinapasukira pa Kamwendo mu 2021. Tinkaimba kuseri kwa malo ena omwera mowa, anthu n'kumachoka mmodzimmodzi chifukwa ankafuna zovinika. Lameki anapsa mtima, n'kulengeza pa maikolofoni kuti anthu akuthawa chifukwa iye akuimba ndi zitsiru zitatu. Malita anazula waya wa gitala n'kukwera kabaza. Sufiyan anapakira ng'oma zake n'kumapita. Ine ndinatsala kumuthandiza kunyamula sipika, ndipo ananditukwana njira yonse.

Ndiye munthu ameneyo anali atakhala pa tayala patsogolo panga, akundiuza ndi timawu totsalira kuti ali ndi khansa ya pakhosi.

"Madokotala a ku Lilongwe akuti achotsa kholingo lonse," anatero. "Ndizipumira pa bowo apa. Kulankhula basi. Kuimba basi."

"Liti?"

"Pa 14 Ogasiti."

Tsikulo linali pa 18 Julayi, chaka cha 2023.

"Ndili ndi nyimbo eyiti zatsopano," anapitiriza. "Palibe amene wazimva. Mawu ake ndinalemba m'kope, koma maimbidwe ake ali muno." Anagogoda pamphumi. "Akandidula, zikhala muno mpaka ndidzawole nazo."

"Ingoziimbira pa foni lero lomwe, uzisunge."

Anandiyang'ana moipidwa. "Ndiziimbira foni ngati ndikupempha chithandizo? Nyimbo ya Dzimbiri imajambulidwa ndi Dzimbiri. Kawaitane."

Sufiyan sanavute. Ndinamupeza akutsegula mabokosi a mafiluta, ndipo anandimvetsera mpaka kumapeto osakweza mutu. Kenako anati, "Mgolo uja amalume anaikamo mabawuti. Ndikhuthula."

Malita ndinamulondola ku Guilleme pa njinga. Ndinamupeza akuswa mtedza pakhonde ndi apongozi ake aakazi. Anandikokera kuseri kwa nkhokwe, ndipo nditamaliza kufotokoza anandifunsa funso limodzi.

"Wapepesa?"

"Sanapepese."

"Ndiye ndi iye ndithu." Anakanda khoma la nkhokwe ndi chikhadabo. "Nsambo ziwiri zinaduka. Undipezere waya wa mabuleki a njinga."

Lamlungu loyamba tinakumana cha m'ma 1 koloko masana. Palibe amene anatchula za pa Kamwendo. Lameki anaima pakati pathu n'kuyamba kutiphunzitsa nyimbo yoyamba, imene anaitcha Mapepala. Anaimba mbali ya gitala, ya besi, kenako ya ng'oma, monga ankachitira kale. Patatha mphindi makumi awiri mawu anangozima. Pakamwa pankayenda, mitsempha ya m'khosi itatupa, koma pankatuluka mpweya wokha. Anakhala pansi, n'kumwa madzi ofunda a jinja amene anabwera nawo m'fulasiki. Tinadikira ola lathunthu. Mawu anabwerera mphindi khumi, n'kuthanso. Anatsokomolera m'kasanza, n'kukapindira msanga m'thumba. Malita anaona mtundu wake, ndipo anayang'ana kudenga.

Vuto tinaliona tonse. Mawu amene ankatiphunzitsira ndi omwewo amene ankafunika pojambula, ndipo sankakwanira ntchito ziwirizo. Ndinamupemphanso kuti azingong'ung'udza pang'onopang'ono, Sufiyan azijambula, ife tikaphunzire patokha. Anakana. Ankati akatero tidzamuuza kuti basi zakwana, apite kuchipatala, ife tidzamalize ndi woimba wina. Sankanama. Ndi zimene ndinkaganiza.

A Hamidu anatilola kugwiritsanso ntchito galaja Lachitatu nthawi ya nkhomaliro. Pofika Lamlungu lachiwiri tinali titagwira nyimbo zitatu. Tinayesa kujambula Mapepala kasanu ndi kamodzi. Nthawi iliyonse mawu ankafera pakati pa ndime yachiwiri. Lameki ankapita pa laputopu, n'kumvera, n'kunena kuti, "Fufuta." Ankaima pomwepo mpaka ataona ndi maso ake kuti Sufiyan wafufutadi. Akamapuma, m'khosi mwake munkalira kamluzu kamene tinkakamva ngakhale tili patali. Ine ndinkadziuza kuti pa 14 si patali, apirira.

Lachinayi lotsatira kunabwera Esitele, mkazi wa Lameki. Sanali munthu wobwera ku galaja. Anadutsa pakati pa magalimoto osapatsa aliyense moni, n'kudzaima pamene ndinkagwira ntchito.

"Alamu, tasiyani kaye hamalayo."

Anandipatsa kabuku ka kuchipatala, atatsegula kale tsamba. Panali tsiku la opaleshoni lolembedwa ndi inki yofiira, lozunguliridwa kawiri: 19 Julayi. Tsiku limene Lameki anabwera kudzandiuza za besi, anayenera kukhala ali m'minibasi ya ku Lilongwe.

"Ine anandiuza kuti achipatala asintha tsiku," anatero Esitele. "Dzulo anesi aimba pa foni yanga, poti yawo sakuyankha. Akuti munthuyu ali kuti? Akuti chotupacho chikutseka njira ya mpweya, ndipo chikatseka sichichenjeza. Akapanda kufika Lolemba m'mawa malo awo apatsa wina, ndipo mzere wake ndi wa miyezi."

"Sitinadziwe, alamu."

"Simunadziwe? Munthu akupuma ngati ketulo pamaso panu, simunadziwe? Kunyumba sagonanso chotambalala, amangotsamira khoma. Mwana wathu Mwai akumandifunsa kuti adadi ameza chiyani. Inu muli kalikiliki kumenya ng'oma."

Esitele anatenganso kabuku kaja n'kupitiriza.

"Ndawalirira, ndawagwadira, ndaitanitsa amalume awo kwa Dambe. Akuti akatha nyimbo eyiti apita okha. Mwatha zingati?"

"Palibe."

"Palibe?"

"Ngakhale imodzi."

Esitele anakhala pansi pomwepo, pa dothi lakuda ndi oyilo, n'kugwira mutu. Sanalire. Anangoti, "Ine sandimva. Mwina inu akumvani. Mukawaimbiranso, dziwani kuti mukukumba manda."

Madzulo a tsiku lomwelo ndinauza Sufiyan, ndipo Malita tinamuimbira foni. Tinagwirizana kuti Lamlungu sitiimba. Sufiyan anapempha pikapu ya amalume ake. Esitele analongedza chikwama mobisa n'kukachisiya kushopu.

Lamlungu Lameki anafika ndi fulasiki yake ndi kope lake, ali ndi changu. Anapeza titakhala pa benchi, mawaya onse atakulungidwa.

"Mwakhaliranji? Lumikizani."

"Pa 19 Julayi unali kuti, Lameki?" anafunsa Malita.

Anatiyang'ana mmodzimmodzi, n'kuthera pa ine. "Esitele anabwera kuno eti?"

"Anabwera," ndinatero. "Galimoto ili kuseriku. Akudikira momwemo. Tinyamuka pompano."

"Ndipatseni sabata ziwiri zokha."

"Ulibe sabata ziwiri," anatero Sufiyan.

"Khosi ndi langa."

"Ng'omanso ndi zanga."

Lameki anaponya fulasiki kukhoma. Anathamangira pa batire n'kuyamba kulumikiza yekha mawaya mpaka anaphatikiza olakwika moto n'kuthetheka. Anatola gitala ya Malita, n'kuikwapula ndi dzanja lonse, koma inangolira ngati lata. Anaiika pansi. Anaima akupuma movutika, kamluzu kaja kakumveka galaja yonse. Kenako anachita chinthu chimene sindinaganizepo kuti ndidzachiona. Anagwada.

"Pa Kamwendo chitsiru ndinali ine," anatero. "Ndapepesa. Mwamva? Malita, ndapepesa. Sufiyan. Benedicto. Ndapepesa. Tsopano lumikizani. Ine ndilibe china. Ndawotcherera mawilibala zaka makumi awiri, palibe amene adzakumbuke wilibala. Musandipititse ndi zinthu izi m'mutu. Ndikupemphani."

Malita anaimirira misozi ikutsika, koma nkhope ili yaukali. "Dzuka apo. Usatigwadire kuti tikuthandize kufa." Anapukuta m'maso ndi chitenje. "Imodzi. Kamodzi kokha. Ikatha ukukwera galimoto. Ikaipa yaipa, palibe wofufuta."

"Zitatu. Zimene mwagwira kale."

"Imodzi, kapena ndikuthyola gitalayi pamaso pako."

Lameki anamuyang'ana Malita. Kenako anadzuka, n'kupita pa maikolofoni. "Mapepala," anatero.

Sufiyan anayatsa laputopu, n'kukhala pa ng'oma, n'kugogoda timitengo kanayi. Tinalowa tonse pamodzi. Malata a galaja anayamba kunjenjemera, fumbi likugwa kudenga. Lameki anagwira maikolofoni ndi manja awiri, anatseka maso, n'kukankha mawu kuchokera kumene anatsalira.

"Ndaima pa boda masiku asanu,
injini yazizira, mapepala sakutuluka,
mwini katundu sandidziwa dzina,
akudziwa nambala ya thiraki."

Mawuwo anali oipa. Anali ngati chitsulo chikukhulidwa pa simenti. Koma anali ndi mphamvu imene sindinaimvepo pa zimbale zonse zitatu. Anadutsa ndime yachiwiri, pamene ankafera masiku onse. Ndinaona Malita akuluma mlomo, zala zikuthamanga. Pa ndime yachitatu mawu anaduka pakati pa liwu. Lameki sanasiye. Anakanikiza maikolofoni pamilomo n'kumaliza ndime yonse ndi mpweya wokhawokha, ndipo ife tinatsitsa zida mpaka kunong'ona kwake kunamveka. Sufiyan anamenya komaliza. Kunakhala zii.

Lameki anatsamira benchi, akukoka mpweya ndi mapewa. Atapezako mphamvu ananong'ona kuti, "Yachiwiri. Mwaona kuti zikutheka. Yachiwiri."

Sufiyan anatseka laputopu n'kuiika m'chikwama.

Pamenepo Lameki anakumbatira vayisi ya pa benchi ndi manja onse awiri. Ndinamuuza kuti asiye. Anapukusa mutu. Ndinamugwira m'chiuno n'kukoka, Sufiyan akumasula zala zake chimodzichimodzi. Anandimenya ndi chigongono pakamwa mpaka ndinalawa magazi. Munthu amene kale ankanyamula yekha giyabokosi ndinamunyamula ngati thumba la makala losadzaza. Esitele anatiwona tikutuluka naye, ndipo anatembenukira kumbali. Malita anatitsatira ndi kope lija ndi nsapato imodzi imene inavuka.

Sufiyan ankayendetsa, Esitele ali pambali pake. Lameki anakana kukhala kutsogolo, ndiye ine ndi iye tinakhala kumbuyo pa matiresi, titatsamira kabini. Malita anatsala pamsewu atanyamula gitala. Kuchoka pa boma mpaka kudutsa Kamwendo Lameki sanandiyang'ane. Ankangoona minda ya chimanga yokololedwa kale ikudutsa.

Titayandikira Namitete anandikoka malaya. Anatsegula kope pa nyimbo yachinayi, n'kuika pakamwa pake pakhutu langa, n'kuyamba kung'ung'udza. Ndinazindikira chimene akuchita. Ndinatulutsa foni msanga n'kuyamba kujambula, nditaiphimba ndi dzanja. Sanakanenso. Anang'ung'udza yachinayi, yachisanu, akupumira pakati, chala chikuyenda pa mizere ya m'kope, dzanja lina likumenya bondo langa posonyeza ng'oma. Mphepo inali yambiri, pikapu ikulira, matayala akugunda m'maenje. Ndinkamva kachidutswa apa, kachidutswa apo. Ndinamenya kabini kuti Sufiyan aime. Anaima, koma titangoti zii, mpweya wa Lameki unamveka moopsa kwambiri moti Esitele anakuwa kuti tiyeni, tiyeni, ndipo tinanyamukanso. Anapitiriza mpaka yachisanu ndi chitatu. Milomo yake inali itayamba kuda.

Atamaliza anandigwira chibwano kuti ndimuyang'ane.

"Wagwira?"

"Ndagwira," ndinatero.

"Zonse?"

"Zonse."

Anatseka maso n'kutsamira phewa langa. Amenewo ndiwo mawu omaliza amene ndinamva kuchokera pakamwa pake.

Tinafika kuchipatala dzuwa lisanalowe. Anesi atangomumva kupuma anamuthamangitsira m'kati pa kabedi ka matayala, n'kumuveka chopumira. Dokotala wina anauza Esitele kuti tikanachedwa masiku awiri kapena atatu tikanabwera ndi nkhani ina. Opaleshoni inachitika Lachitatu. Ine ndinali nditabwerera ku Mchinji, ndipo ndinakhala kuseri kwa galaja n'kutsegula zimene ndinajambula m'pikapu. Zinali mphindi makumi atatu ndi imodzi za mphepo ndi injini. Ndinapita nazo kwa Sufiyan, anayesa kuzisefa pa laputopu masiku atatu. Penapake pankamveka kanthu ngati munthu akubuula patali, basi.

Lameki anabwerera kumapeto kwa Okutobala, atavala kansalu pakhosi kophimba bowo. Anali wowonda, koma ankayenda yekha. Ankalankhula ndi choko. Esitele anamugulira bokosi lathunthu. Lamlungu loyamba anabwera ku galaja, tonse tilipo. Sufiyan anamuikira Mapepala. Inali itafika kale m'mafoni a pa boda, ndipo madalaivala ena ankabwera kudzafunsa ngati woimbayo alidi moyo. Lameki anaimvera yonse ataweramitsa mutu. Sanalembe kuti fufuta. Anapita pa chitseko chachitsulo cha galaja n'kulemba kuti: BENEDICTO, YACHINAYI.

Ndinatenga besi. Ndinaimba kachidutswa kamene ndinkakumbuka, mwina masekondi khumi, n'kuima. Anandikodola kuti ndipitirize. Ndinamuuza zoona. Ndinamuuza za mphepo, za foni, ndi kuti m'pikapu muja ndinamunamiza.

Anaima osagwedezeka. Kansalu ka pakhosi kankalowa ndi kutuluka mofulumira. Anatsegula pakamwa kwambiri, nkhope yonse itakwinyika, ndipo ndinadziwa kuti akukuwa. Sipanamveke kanthu, koma mpweya wotuluka pa bowo. Anathyola choko m'dzanja n'kutuluka. Kwa miyezi itatu akandiona pamsewu ankawolokera tsidya lina.

Anabweranso mu Febuluwale, mvula ikugwa, osatiuza. Anandilanda besi m'manja, n'kukhala nayo pa benchi, n'kuyamba kufufuza ndi chala chimodzi, nsambo imodzi, malo amodzi ndi amodzi, mpaka atapeza liwu limene linali m'mutu mwake. Akalipeza ankandiyang'ana, ine n'kulemba. Mzere umodzi unkatitengera masana onse. Malita ndiye anayamba kuimba mawu, chifukwa panalibe wina. Akaphonya, Lameki ankamenya sipanala pa vayisi, ndipo ankamenya kawirikawiri. Tsiku lina Malita anamuuza kuti akamenyanso amumeza nayo sipanalayo, ndipo mapewa a Lameki anagwedezeka. Ndikuganiza kuti kunali kuseka.

Mwanjira imeneyi tajambula ziwiri zimene tinaphunzira asanapite, ndipo tafukula yachinayi komanso yachisanu ndi chimodzi. Yachisanu ndi chiwiri tili nayo theka. Koma zikuchedwa kuposa mmene mutu wake ungasungire. Anandilembera tsiku lina kuti kale nyimbo ankaisunga poing'ung'udza akuwotcherera, ndipo tsopano poti sangathe, zikusakanikirana. Nthawi zina amafufuza pa besi ola lathunthu, n'kupeza kuti akuimba nyimbo ya pa chimbale chachitatu.

Kuchipatala amapitabe miyezi itatu iliyonse. Ulendo wapitawu anamupeza ndi kotupa kena pansi pa khutu, ndipo akuti akaonenso mwezi wamawa. Esitele sandilankhulabe bwinobwino, koma Lamlungu amamulola kubwera, bola abwerere dzuwa lisanalowe.

Sabata yatha tinamudikira kuti tiyambe yachisanu. Anakhala ndi besi pamiyendo nthawi yaitali osaikhudza, akuwerenga mawu ake m'kope, milomo ikuyenda. Kenako anaiika pansi bwinobwino, n'kupita pa chitseko, n'kulemba kuti: YACHISANU YACHOKA. Malita anafunsa ngati tingaipekere maimbidwe ena, poti mawu alipo. Lameki anapukusa mutu. Anang'amba tsambalo m'kope, analipinda kanayi, n'kuliika m'thumba la malaya. Atatero anatsegula pa yachisanu ndi chitatu, ananyamulanso besi, n'kundikodola kuti ndibwere ndi pensulo.